Tsiku limene holo yonse inandiika wachiwiri

Mpaka lero alipo anthu ku Croydon amene akakumana nane pa siteshoni amandipatsa moni pokweza zala ziwiri uku akumwetulira. Ine ndimayankha mwaulemu, chifukwa ndikudziwa kumene moni umenewu unachokera, ndipo mlandu wake ndi wanga ndekha. Koma ndisanakuuzeni mmene ndinagwera, ndiyambe ndanena kuti nzeru imene inandigwetsayo inali yabwino, ndipo ndikuinyadirabe.

Tinali ndi bungwe lathu lothandizana pa maliro, pa maukwati ndi polandira obwera kumene. Ine ndinali mlembi. Chaka chilichonse chisankho cha wapampando chinkatisiya titakwiyitsana. Mbali ina kunali a Mbewe, mkulu amene anathawa kumudzi nthawi ya chipani chimodzi, pamodzi ndi mabanja amene anakhazikika kuno kalekale. Mbali inayo kunali a Phiri, obadwira m'mafamu a ku Zimbabwe (agogo awo anachokera ku Dedza, ndipo sankalola kuti tiiwale), ndi anzawo amene ankafika ambirimbiri zaka zimenezo. Wogonja ankanyanyala misonkhano miyezi ingapo, anthu ake onse pambuyo. Pakati pawo panali kagulu ka Mayi Nkhoma, amayi ogwira ntchito yosamalira okalamba, amene dandaulo lawo linali limodzi lokha: misonkhano ichoke Loweruka, pamene ambiri amakhala pa shifiti, ipite Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Mayi Nkhoma ankaima nawo pa chisankho chaka ndi chaka, n'kumangosekedwa.

Tsono nthawi ina ndinapita kukavotera meya wa London, n'kupeza kuti pepala lovotera lili ndi mizere iwiri: wina wa munthu amene ukumufuna koposa, wina wa amene ungamulole ngati woyambayo wagwa. Ndinabwerera kunyumba pa tiramu, kasitima koyenda mumsewu, mtima ukudumpha ngati ndatola golide. Ndinawerenga mabuku ku laibulale kwa sabata ziwiri, ndipo pa msonkhano wotsatira ndinaimirira ndi choko m'manja.

Ndinafotokoza kuti aliyense azilemba 1, 2, 3, 4 pa maina a opikisana. Poyamba tiziwerenga ma 1 okha. Amene wapeza ochepa azituluka, mapepala ake n'kupita kwa amene walembedwa motsatira, mpaka wina atapitirira theka.

A Mbewe anagogoda pansi ndi ndodo yawo. "A Secretary, ife tinavutikira one man one vote. Inu mwabwera ndi one man four votes? Mapanga awiri avumbwitsa!"

"Voti ndi imodzi yomweyo, bambo," ndinatero. "Imangosintha chokwera. Mukatsika tiramu n'kukwera basi, simugula tikiti ina, travelcard ndi yomweyo."

Holo inaseka, ndipo ine ndinatalika pang'ono.

"Koma achimwene," anatero a Phiri, "tizipani ting'onoting'onoti ndiye tikula mtima. Ntchito yake n'kungogawa mavoti basi."

Mayi Nkhoma sanadikire kuti ndiwayankhire. "Tizipani tomwe mukunenato ndi anthu, a Phiri. Maliro akachitika amaphika ndani? Mumatifuna kukhitchini, koma pa voti ndife waste?"

Ndinamaliza ndi mawu amene ndinawayeseza kubafa: kuti m'njira imeneyi munthu amavota ndi mtima wake poyamba, ndi mutu wake pambuyo, ndipo palibe voti yotayika. Anthu anawomba m'manja, lamulo linadutsa, ndipo analilemba ndine, ndi dzanja langa lomwe lino.

Apa ndi pamene satana anandilowa. Ndinayang'ana mpando wa wapampando n'kuona kuti ukundikwana bwinobwino. Ndinaufuna, sindikubisirani, ndipo ndinaufunitsitsa. Ndinawerengera motere: anthu a a Mbewe sangaike a Phiri pachiwiri, a a Phiri nawo sangaike a Mbewe. Nanga ma 2 onsewo apita kwa yani? Ndinalembetsa dzina langa, n'kuyamba kampeni imene ndinkaiona kuti ndi yochenjera kuposa ina iliyonse.

Ndinayenda khomo ndi khomo, Peckham mpaka Woolwich, ndi uthenga umodzi. "Musasiye munthu wanu, ayi. Ine sindilimbana ndi akuluakulu. Mungondiika wachiwiri." Anthu ankamasuka nkhope nthawi yomweyo. Mmalawi amadana ndi kukana munthu amene wamwa naye tiyi, ndiye pempho langa linali lopepuka ngati kupempha madzi akumwa. "Aaa, a Secretary, zimenezo n'zosavuta. Number two ndi yanu." Palibe ndi mmodzi yemwe anandikana. Ndinayamba kuyeseza kukhala pampando mwendo uli pa unzake (mkazi wanga anandipeza kawiri).

Nthawi yomweyo kunachitika chinthu chimene sichinaonekepo. A Phiri anakwera mabasi awiri kukawapeza Mayi Nkhoma, chipewa m'manja. Mayiwo anawauza kuti 2 anandipatsa kale ine, koma 3 ilipo, mtengo wake ndi Lamlungu. A Phiri anavomera pamaso pa amayi onse. A Mbewe nawo anapita, koma anangoti, "Tidzaona." Nditamva, ndinadziguguda pachifuwa, poona kuti njira yanga yagwaditsa akuluakulu.

Tsiku la chisankho linali Loweruka masana, mu holo ya tchalitchi, ndipo amayi aja anasinthana mashifiti n'kubwera onse. Ine ndinavala suti ya ukwati. Mwatsoka, ndinakhala pafupi ndi a Mbewe. Mkulu ameneyu ndi amene anandilandira nditangofika kuno, anandigoneka pabalaza pake miyezi itatu, n'kuima nane pa mzere wa ku maofesi a za mapepala okhalira m'dziko muno kukuzizira. Cholembera chinafika pa dzina langa n'kuima. Ndilembe ine pamwamba pa munthu ameneyu, iye ali pambali pomwepa akutsokomola? Kwathu sitinaleredwe choncho. Ndinawalemba 1, ine n'kudzilemba 2. Mumtima ndinati voti imodzi siingasinthe kanthu.

Wowerenga anali mbusa wa ku Zambia, amene tinamusankha chifukwa analibe mbali. Anaika pa tebulo timapepala tinayi ta maina n'kuyamba kuunjika. Mulu wa a Mbewe unakula. Wa a Phiri unakula. Wa Mayi Nkhoma unali wochepa koma wooneka. Pa dzina langa tebulo linali mbee! Ndinkangoti akubwera, ali pansi, akubwera. Mbusa anagwedeza bokosi, analisuzumira, kenako anaponya maso kwa ine.

"Ba Secretary, manje nithandizeni, ndimwe munalemba lamulo. Uyu amene ali na mavoti ang'ono timuchita bwanji?"

Ndinaimirira. "Amatuluka."

"Na mapepala yake?"

"Amapita kwa wotsatira."

"Manje ngati alibe pepala olo imodzi?"

"Amangotuluka, abusa," ndinatero, n'kukhala pansi.

Wina kumbuyo analephera kudzigwira, holo yonse n'kuphulika. A Mbewe anandinong'oneza, "Inu simunadzivotere?" Ndinapukusa mutu. Anavula magalasi n'kuseka mpaka misozi. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo, ndipo suti ija inayamba kutentha.

Koma chilango chinali chisanathe. Wotsatira kutuluka anali Mayi Nkhoma, ndipo mbusa anatenga mapepala awo limodzilimodzi, akuwerenga mokweza monga lamulo langa linkanenera. "Number two, ba Secretary. Anatuluka. Number three, ba Phiri." Pepala lina. "Number two, ba Secretary. Anatuluka." Pofika pepala lachisanu, holo yonse inkayankha ngati kwaya: "Anatulukaaa!"

Ndinatembenukira kwa mkazi wanga. "Ngakhale iwe, mayi a ana?"

"Munati aliyense akuikeni wachiwiri," anayankha osatekeseka. "Ine si aliyense? Komanso Loweruka ine ndimakhala pa shift. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo. Inu munadalira wapachala."

A Phiri anapambana ndi ma 3 a amayi aja. Ndiye tamverani chimene ndimanyadira. A Mbewe anapempha kuona mapepala, anawatsata limodzilimodzi ndi chala, n'kupeza kuti palibe chokayikitsa. Anapita kukagwira a Phiri chanza, chinthu chimene sitinachionepo. Palibe amene ananyanyala. Misonkhano inapita Lamlungu, ndipo amayi amene ankangoitanidwa kukhitchini anayamba kukhala kutsogolo. Zonsezi zinachokera pa choko changa, ndipo amene akutsutsa abwere tikambirane.

Tisanabalalike, a Phiri anati patsala kusankha wachiwiri kwa wapampando. Mbusa anakweza mapepala onse m'mwamba.

"Apa palibe chovotela. Naona mapepala yonse. Munthu mmodzi ali number two pa pepala iliyonse, na yake yomwe."

Anthu anaimirira, akuwomba m'manja, ena akululutira. Ndinafuna kukana kuti ndisunge ulemu wotsalawo, koma miyendo inali itayamba kale kupita kutsogolo. Ndipo kunena zoona, mtima unasefukira. Pa magulu atatu amene sankagwirizana ngakhale pa nyimbo yotsegulira msonkhano, onse anagwirizana pa ine. Ndiuzeni wandale wina amene anapezapo zotere.

Mpando waukuluwo ndimaufunabe, ndipo chisankho chikayandikira ndimauponyera diso. Mkazi wanga akuti nthawi ino adzaganizira zondipatsa 1, malinga ndikayamba ndapeza munthu wina mmodzi woti atsogole. Ndamuuza kuti munthuyo ndikumunyengerera. Vuto n'lakuti ndine ndemwe, ndipo a Mbewe akuti adzaimanso.