Uvuni wa a Saidi

Lolemba

Foni yalira ndili kudimba. Ndi mayi wa ku bungwe lija la ku Blantyre lokongoza magulu a kumudzi. Kalata yathu aiona, akubwera Lachisanu kudzationa ndi maso. Chiwongoladzanja chochepa, popanda chikole, kubweza pang'onopang'ono! Ndangokhala pansi pakati pa mpiru.

Tinapempha chinthu chimodzi: uvuni wachitsulo, wotulutsira utsi kunja. Gulu lathu ndi la amayi khumi ndi awiri, timaphika masikono n'kukagulitsa pamsika wa Lirangwe. Ndikati timaphika ndikunama. Amaphika ndi achemwali anga a Estere, enafe timakanda ndi kulongolola. Zaka zonsezi akhala akuwerama padzenje, moto pansi, moto pamwamba pa lata, utsi wonse m'maso. Kuchipatala anawauza kale kuti akapitiriza, maso amenewo awaiwale. Masiku ano ulusi pasingano ndimawalowetsera ndine.

Madzulo takumana kwa Mai Nachisale, apampando athu. Ine monga mlembi ndapereka maganizo, ndipo ndi anzeru: mlendo wa ndalama asatipeze ngati anthu otoledwa panjira. Ndani angakongoze anthu ophikira padzenje? Onse awomba m'manja. Zofunika:

- mipando, osati mphasa
- nsalu zofanana
- kuzira nyumba yophikira
- uvuni wobwereka, aone kuti zinthuzi timazidziwa
- Mai Nachisale asalankhule nthawi yaitali

Chomalizachi sindinawerenge mokweza.

Lachiwiri

Mipando. Akulu a mpingo atipatsa isanu ndi umodzi, iwiri yogwedera miyendo. Akuti yonse ikabwere yolimba.

Nsalu. Zofanana zimene tili nazo ndi za chipani zokha, ndiye zipani zake n'zitatu. Patsala pang'ono kuti anthu agwirane. Pomaliza tagwirizana kuvala nsalu za ukwati wa mwana wa Mai Nachisale. Zapezeka zisanu ndi zinayi. Atatu otsalawo adzaima kumbuyo, adzaonetse mitu yokha.

Achemwali andiitanira kuseri. "Iwe, bwanji osangomuonetsa dzenje lathulo?" Ndawayankha kuti za m'maofesi sazidziwa, azisiye kwa ife amene tinafika Folomu 2. Angoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusefa fulawa.

Lachitatu

M'mamawa ku Lirangwe, kwa a Saidi a tiyirumu. Ali ndi mauvuni awiri. Amvetsera nkhani yonse akusisita ndevu, kenako atibwereka wakalewo. "Loweruka ubwere wamoyo." Ndalumbira.

Akabaza atatu auyang'ana, aseka, apita. Tapeza ngolo. Ng'ombe imodzi ndi yaulesi kuposa amuna a Mai Nachisale, ndipo tafika dzuwa litapendeka.

Uvuni sukulowa pakhomo la nyumba yophikira!

Tayesa chammbali. Tayesa chogoneka. Mudzi wonse wabwera kudzapereka nzeru, wogwira palibe. Tachotsa chitseko. Tachotsa felemu. Felemu yatuluka ndi njerwa zake, mizere itatu.

Uvuni uli m'kati. Khomo kulibe. Ndatchingapo chitenje cha chipani, popeza chilibenso ntchito ina.

Lachinayi

Tsiku loyesera. Apa m'pamene zadziwika kuti palibe anafunsa a Saidi kaphikidwe kake. Aliyense amati wafunsa mnzake. Woyenera kufunsa ndinali ine, koma sindinadziulule.

Ulendo woyamba: kunja makala, m'kati phala.
Wachiwiri: miyala. Galu wanunkhiza, watembenuka.
Wachitatu: sitikamba.

Theka la thumba la fulawa lapita, ndiye anali wa msika wa Loweruka.

Koma ndaona chinthu china. Achemwali aima kutsogolo kwa uvuni, msana uli chilili, utsi ukukwera m'paipi kupita kwake. Ausisita m'mbali ngati ng'ombe yoti agule. Akuti, "Kodi anzathu amaphika ataimirira chonchi?" Maso ali gwa, osatsinzina, osapukuta. Akuti atapatsidwa sabata imodzi yokha angaudziwe mtima wake. Mawa ngongoleyi tiipeze basi, zivute zitani.

Sabata tilibe. Tatumiza wakabaza kukagula masikono kwa a Saidi omwewo, mathireyi atatu, oti mawa tidzangowatenthetsa. Dzenje talikwirira, tazira pamwamba, tayalapo mkeka. Malo akongola ngati sipanapsepo kanthu.

Lachisanu

Tafola kumsewu ndi nsalu zathu. Galimoto yoyera yatulukira, tayamba nyimbo, nthungululu, Mai Nachisale mpaka kuvina chogwada. Ndi mavenda ogula nandolo.

Mlendo weniweni wafika pakabaza kuchokera ku Chileka. Mtsikana ndithu, fumbi mpaka m'nsidze, kachikwama kakutha. Nyimbo zinali zitatithera.

Tamukhazika pampando wabwino, pamkeka paja. Mai Nachisale alankhula mpaka mthunzi wasuntha. Masikono atuluka mu uvuni ali fungo lokhalokha. Mlendo wadya awiri, watseka maso, akuti sanadyepo okoma chonchi. Ine mtima uli m'malo, ndikudziyamikira.

Kenako watsegula kope lake. "Uvuni uwu ndi wanu?"

Ndatsegula pakamwa, koma Mai Nachisale andipitirira: "Wathuwathu, mayi. Thukuta lathu."

Onse agwedeza mitu, ngakhale atatu akumbuyo aja. Inenso ndagwedeza. Apampando sungawatsutse pamaso pa mlendo, ndipo bodzalo mwini wake ndine.

Mtsikana uja wasangalala zenizeni. Akuti ife ndiye chitsanzo, taima kale patokha. Ndalama n'zochepa, amayambira magulu amene alibiretu kanthu. Akuti dzulo anali cha ku Chigaru, anapeza amayi akuphikira padzenje, moto pansi, moto pamwamba. "Mayi wina maso ofiira ngati tsabola. Ndinalephera kudya, amayi."

Akunena zimenezi mpando wake uli pamwamba penipeni pa dzenje lathu.

Achemwali adzuka mwakachetechete, apatula chitenje cha pakhomo, atuluka. Sindinawatsatire.

Loweruka

Kumsika sitinapite. Tikagulitsa chiyani?

Uvuni watuluka ndi njerwa zina zinayi. A Saidi auzungulira kawiri, apeza chogwirira chapindika, andiyang'ana nkhope, osanena za chogwiriracho. Andithirira tiyi wamkaka, akana ndalama. Bola akanandikalipira.

Pobwerera ndatsika ngolo, ndakwera pachulu pamene pamagwira netiweki, ndamuimbira mtsikana wa bungwe uja. Mawu ndawakonza njira yonse: mayi, tinakunamizani, uvuni ndi wobwereka, bwerani mudzaone dzenje, mudzaone maso a achemwali anga.

Wayankha mwansangala, osandipatsa mpata. Akuti amafuna kundiimbira yekha. Mapepala apita kale, ngongole yapita ku Chigaru. Sabata yamawa kuli mwambo wokapereka uvuni kumeneko, kudzakhala alendo, ndiye akufuna masikono mazana awiri. "Ngati adzulo aja, amayi. Ndawauza mabwana anga za inu."

Ndikaulula, dzina la gulu lilembedwa kuti ndi la anthu abodza, ndipo chaka chamawa sadzatiyang'ananso. Ndikapanda kuulula, ndife olemera mpaka kalekale.

Ndati, "Zikomo, mayi, tidzaphika."

Lamulungu

Mipando tabweza. Yogwedera tsopano ndi itatu. Kutchalitchi palibe wandinena, ngakhale Mai Nachisale andipatsa moni wa manja awiri. Chimenechi chikundiwawa kuposa kutukwanidwa.

Zotsala:

- khomo
- fulawa theka
- masikono mazana awiri, okakondwerera uvuni wa eni ake

Masana ndatenga khasu, ndachotsa mkeka, ndafukula dzenje. Phulusa lake likadali momwemo. Ndauza achemwali kuti kuyambira lero wowerama ndine, iwo akhale patali pansi pa mango, azingondiuza. Ulembi wanga gulu lipatse wina. Akhala pansi pa mango.

Ndasonkha moto, ndaika thireyi, ndavundikira lata, makala pamwamba. Utsi wake si masewera, amayi inu! Mphindi zochepa ndikutsokomola, mamina ali chuchuchu, sindikuona ndi dzanja langa lomwe. Iwo apirira zimenezi zaka zonsezi, ine ndili pakhonde ndi bolopeni.

Ali pansi pa mango pomwepo anunkhiza. "Apsa amenewo." Ndavundukula. Apsadi.

Andifunsa kuti akufunika angati. Ndawauza. Awerenga pa zala, maulendo khumi. Adzuka, amanga chitenje m'chiuno, abwera akupapasa khoma pamene panali chitseko.

Ndati, "Achemwali, maso."

Akuti, "Fulawa watsala ndi yemweyu. Suntha."

Ndasuntha. Awerama.