Maola Awiri Anandiphonyetsa Ukwati wa Mwana Wanga

Mualadzi, Chifunde

Kwa Sinyoro Diretori,
Kampani ya Ndege za Namzeze.

Bwana wolemekezeka,

Ndalemba kalatayi chogwada. Ndine Ernesto Mazengera, profesori wopuma, amene ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. Ndatchula zimenezi kuti mudziwe kuti wopusa wa m'nkhaniyi ndi wophunzira.

Mwana wanga Ivânia anakwatiwa ku Maputo Loweruka lapitali. Ananditumizira bilyeti ya ndege yanu yonyamuka ku Tete Lachisanu masana. Amayi ake, a Luisa, ndege anaikana, n'kunyamuka Lachitatu pa basi. Ndinawaseka pamaso pa azimayi a kutchalitchi: "Tsogolani ndi kamba wanuyo, mukandipeza nditasamba kale."

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha pepala lanu lonena zoona: Tete mpaka Maputo, makilometru oposa chikwi, maola awiri. Ndinatenga lapisi n'kulemba masamu ake. Ngati chikwi chimatha maola awiri, ndiye kuchoka kwathu kukafika ku Tete n'kuseri kwa nyumba chabe. Ndinangoiwala kanthu kamodzi, kuti pa chigawo chimenecho mapiko ndilibe.

Chachiwiri, ndikuyamika kusunga nthawi kwanu. Ndinanyamuka Lachisanu lomwelo tambala atalira, nditavala fatu yanga yakuda, suti ya paukwati. Mota, njinga yamoto imene ndinakwera, inanditaya m'matope kawiri. Pamsewu waukulu shapa, minibasi yathu, inadikira kudzaza mpaka dzuwa linafika paliwombo, kenako tayala linaphulika pa dzenje limene ngakhale mbuzi zimalilambalala. Koma ndege yanu, bwana, sinachedwe ngakhale mphindi imodzi. Mlonda wa pabwalo anandiuza mwaulemu kuti inatera kale ku Maputo, anzanga a paulendo adya kale, ndipo ina ndi ya Lamulungu.

Chachitatu sindidziwa kuti ndidandaulire ndani. Ukwati ndinauonera pa telefoni, pakhonde la msuweni wanga ku Tete, matope atauma pa fatu. Ivânia analowa m'tchalitchi atagwira mkono wa mlongo wake Flávio, akucheukira kukhomo. Madzulo a Luisa anandiimbira telefoni. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bambo ake Ivânia, kumwambako kunazizira?"

Ndabwerera kumudzi, ndipo aliyense akundipatsa moni wa "a Piloto". Ndimayankha, nanga n'kutani?

Bilyeti ina sindikupempha, poti ukwati subwerezedwa. Pempho langa n'laling'ono. Ndamva kuti akuluakulu oyang'anira misewu amakonda kukwera ndege zanu, n'chifukwa chake nsapato zawo zimawala chaka chonse. Tsiku lina muwakhazike pawindo, mukhotetseko ndege chakumpoto, muitsitse pang'ono. Akakafunsa kuti mtsinje wofiirawo dzina lake ndi chiyani, chonde muwauze kuti ndi msewu wathu.

Ine kapolo wanu woyenda pansi,
Ernesto Mazengera