Mwana Wobadwa Dzulo

M'mudzi wina umene dzina lake silipezeka pa chikwangwani chilichonse cha m'mbali mwa msewu, munafika kompyuta. Inabwera ndi bungwe lina kuti izisunga kaundula wa anthu onse ndi kuitana ana ku sikelo nthawi ya katemera ikakwana. Tsiku lomwelo kunabadwa Komiti Yaikulu Yoona za Makina, ndipo a Dzimbiri, eni jekete yokhayo ya mabatani okwanira m'mudzimo, anakhala Wapampando Wamkulu ndi Mtetezi wa Mawaya.

Esinta, mtsikana wa ku bungweko, anafunsa chinthu chimodzi: danga lolembamo tsiku lobadwa likhale la mtundu wanji? Anati lilipo lolandira deti lokha, lina la deti ndi ola, komanso lina lolandira mawu alionse amene munthu wafuna. Iye analangiza la deti, poti ndi limene makina amawerengera nalo msinkhu.

Za ola anazikana ndi amayi, ati palibe amayang'ana wotchi ali m'chikuta. La deti analiyesa a Dzimbiri eni ake. Analemba kuti anabadwa chaka cha dzombe, kompyuta n'kukana, n'kulira pamaso pa anthu onse.

"Makina otsutsa akuluakulu sitiwafuna muno," anatero Wapampando akukonza jekete.

Motero anasankha la mawu alionse, ati ndilo la ufulu. Wina anabadwa njala isanayambe, wina mlatho utangokokoloka, ndipo kompyuta inkangomeza zonse mofatsa.

M'mudzimo munali telala wachinyamata, Yotamu, amene mkazi wake anachira mwana wamkazi, Tiyese. Kutangocha Yotamu anathamangira ku ofesi akumwetulira yekha m'njira. Mlembi Wamkulu wa Mabatani atamufunsa kuti mwana wabadwa liti, iye anati dzulo, ndipo Mlembi analemba dzulo.

Patatha mwezi ndi theka Yotamu anapita kukafunsa za katemera. Mlembi anayang'ana pa galasi la kompyuta n'kumuuza kuti asapupulume, mwanayo ndi wa dzulo. Anapitanso mwana atayamba kuseka, anapitanso atayamba kukhala pansi, yankho lili lomwelo. Azaumoyo ankabwera ndi katemera wokwanira maina amene Mlembi wawapatsa basi, ndipo la Tiyese silinkatuluka. Kenaka kunamveka kuti chikuku chalowa m'mudzi wa kutsidya. Yotamu anasiya kuimba poponda makina ake osokera.

Tsiku la msonkhano anamunyamula mwanayo n'kumukhazika pakati pa Komiti. Tiyese anakwawa molunjika, n'kuyamba kutafuna chingwe cha nsapato ya Wapampando ndi mano ake awiri.

"Bambo Wapampando, pepani, wobadwa dzulo amakwawa?"

"Ana a masiku ano amafulumira, mphwanga. Ndi phala lamakonoli."

Yotamu sanakangane nawo. Anayenda khomo ndi khomo, n'kupeza kuti a dzulo alipo ambiri, a dzana alipo, ndi mnyamata wina wonenepa wobadwa m'mawa uno. Msonkhano wotsatira makolo anabwera ndi ana onsewo, anawasiya pamiyendo ya a Komiti, n'kunena kuti akupita kudimba pang'ono. Dzuwa lisanafike pamutu jekete inali itanyowa, ndipo Komiti inagwirizana mosatsutsana kuti inali itaganiza kale zosintha dangalo.

Esinta anaitanidwa. Anachenjeza kuti aliyense apereke deti lenileni, chifukwa amene mawu ake makina alephera kuwamva adzapatsidwa deti la tsiku losinthiralo. Makolo anafola. Yotamu anatchula tsiku, mwezi ndi chaka osapumira, ndipo sabata yomweyo Tiyese anabayidwa, n'kulirira m'khosi mwa bambo ake. A Komiti okha sanafole. Anati munthu wamkulu sabwereza mawu.

Patatha mwezi ndi theka kompyuta inatulutsa maina a makanda oyenera kuyamba katemera. Pamwamba penipeni, monga mwa ulemu wawo, panali a Dzimbiri. Anayesa kufotokoza, koma mayi wa zaumoyo anati iye amatsata zimene Komiti yamupatsa, ndipo jekeseni yoyamba ndi ya pantchafu. Amuna anayi anawathandiza kukwera pa sikelo ya panthambi, Yotamu atasoka mwaulere kabudula wopachikira wa msinkhu wawo.

Mayi uja anatsegula kabuku katsopano n'kutembenukira kwa akazi awo a Wapampando.

"Mayi, nanga akuyamwa bwino?"

"Kuyamwa ayi," anayankha mayiwo, "koma kulira ndiye tsiku lonse."