Apongozi Akagwa M'munda wa Tiyi

Lolemba

Andisankha. Pa gulu lathu lonse lothyola tiyi, akapitawo aloza ine kuti ndikaphunzire chithandizo choyamba, akuti poti ndinafika Fomu 2 ndipo sindimwa pakati pa sabata. Ndikuthokoza, ndikuganiza kuti ndi nkhani yopaka ayodini pa zilonda.

Si ayodini ayi.

Tsiku lonse ku kiliniki ya esiteti. Anesi ali ndi chidole chachikulu cha pulasitiki, chopanda miyendo. Akufotokoza kuti mpweya ukalowa m'mapapo magazi amaunyamula, mtima n'kupopa magaziwo mpaka kumutu ndi kuzala za kuphazi, kenaka amabwerera ku mapapo kukatula mpweya woipa n'kutenga wina. Akuti mapapo ndi ife othyola, mtima ndi thirakitala. Thyolani mmene mungathere, koma thirakitala ikapanda kubwera, tsamba limapsa m'matumba. Ndipo m'thupi choyamba kupsa ndi ubongo, mphindi zochepa chabe.

Munthu akagwa n'kuleka kupuma:
– khutu pakamwa pake, maso pachifuwa, kutsimikiza kaye
– manja onse awiri pakati pa chifuwa, kukanikiza mwamphamvu
– kumtsina mphuno, pakamwa panga pa pakamwa pake, kuuzira

Chidole ndachiuzira bwino, anesi andiyamikira. Andipatsa kansalu kobiriwira komanga pamkono. Ndikutsika mtunda monyada, mpaka funso likundipeza panjira: kodi pa gulu lathu, amene angagwe ndani?

Ndikuwadziwa. Amene amaimaima pokwera kupita ku sikelo, atagwira m'chiuno. Amene mapazi anatupa moti nsapato za pulasitiki anazicheka m'mbali. Amayi ake a mkazi wanga Felesiya. Apongozi anga!

Lachiwiri

Ndadzuka ndi mutu.

Ine ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga pa malo awo kuno ku Khonjeni. Chikwatirireni Felesiya sindinawayang'anepo kumaso apongoziwo, ndimawazindikira ndi chitenje ndi zidendene. Tikakumana panjira ndimapatukira patchire, ngakhale pakhale chitedze. Akafuna kundiuza kanthu amauza khoma, ine ndimayankha chitseko. Ndiye lero akuti manja anga pachifuwa pawo? Nanga pakamwapo? Kuli bwino nditsogole kugwa ndine.

Koma ndikangoima n'kumayang'ana kumbali, amwalira ndili ndi kansalu pamkono. Felesiya ndidzamuuza chiyani? Kuti ndinali kupereka ulemu?

Nzeru yandibwerera ndikuthyola: ndiphunzitse munthu wamkazi. Tsiku la tsokalo iye azikanikiza, ine nditembenuke ndizimulangiza ndikuyang'ana phiri.

Ndayamba ndi Felesiya madzulo, chidole chathu thumba la gaga. Akuseka mpaka kugwira nthiti. Akuti, "Ndiye amayi akagwa kumundako azidikira kuti ndipeze kabaza ku Luchenza?" Zoona, iye tsiku lonse amakhala kumsika ndi nthochi zake. Ndinaiwala. Ndamupempha kuti asawauze amayi ake. Walonjeza mofulumira kwambiri, sindinakonde.

Lachitatu

Thumba la gaga ndapita nalo kuntchito. Nthawi yopuma, pansi pa mtengo wa mthunzi, ndaitana amayi atatu a pagulu pathu. Apongozi akhala patali monga mwa masiku onse, atandipatsa msana.

Ndikufotokoza za mapapo ndi thirakitala, akumvetsera bwinobwino, akugwedeza mitu. Kufika pa kukanikiza, aliyense akubisa manja m'chitenje.

Zifukwa zawo:
– woyamba, dzanja linathyokapo ali mtsikana (dzanja lomwelo limathyola tiyi kuposa langa)
– wachiwiri akafunse kaye abusa ngati mpingo umalola
– wachitatu ndi mayi Esinati, amene sadziwa kubisa mawu: "Munthu afere m'manja mwanga, pakamwa panga pali pakamwa pake? Pamaliro adzati ndamuyamwa mpweya ndine. Inu muli ndi kansalu, ine ndili ndi chiyani?"

Pofuna kuwalimbitsa mtima ndakanikiza thumba ndi mphamvu zonse. Laphulika, gaga yense kumaso. Ndatsamwa, ndikutsokomola osalekeza, misozi chuchuchu, mpweya sukulowa. Onse atatu abwerera m'mbuyo, palibe ngakhale wondimenya pamsana. Tsopano ndadziwa kuti ndikagwa ine, basi ndapita.

Lachinayi

Njira ina: asagwe n'komwe.

Ndapita kwa akapitawo kukapempha kuti apongozi aziwapatsa mizere ya kumunsi, kopanda chitunda. Akufunsa chifukwa. Ndikuti amapuma movutikira. Mawu atangotuluka ndazindikira chimene ndachita: akuluakulu akamva kuti munthu sakutha kukwera, sizoni ikubwerayi samutenganso. Ndikubweza msangamsanga, ndikuti ayi, amapuma bwino kwambiri, kuposa ine ndi inu.

Chigamulo cha akapitawo: kuyambira mawa ndizithyola mzere woyandikana ndi wa apongozi, "kuti dokotala akhale pafupi ndi wodwala." Ndaziputa dala.

Vuto linanso. Mtima wanga tsopano ndikuumva paliponse, m'makutu, pakhosi, ngakhale m'chala chachikulu. Kale ndinkangopuma osadziwa kuti ndikupuma. Lero ndikuchita kudziyang'anira, ndipo ndikaiwala pang'ono ndikudzidzimuka, poopa kuti ndasiya. Anesi aja anandiwonongera moyo.

Lachisanu

Mzere woyandikana. Sindinakhalepo nawo pafupi chonchi.

Maso pa tiyi, makutu kwa apongozi. Akupuma ngati pampu ya njinga yotha labala. Phokosolo likundiopsa, koma akakhala chete ndiye zikunyanya. Ndikusuzumira cham'mbali kuona ngati dengu la kumsana kwawo likukwera n'kutsika. Nthawi ina awerama osadzukanso, ine ndaponya dengu langa, tsamba mbwee pansi, ndikuthamanga. Amangozula minga kuphazi. Ndawadutsa ndi liwiro lomwelo ngati ndikupita kuchimbudzi.

Atatula dengu kuti amwe madzi, ndatapa masamba m'menemo kuthira mwanga kuti liwapepukire pokwera. Mayi Esinati andiona. Pofika ku sikelo, gulu lonse likudziwa kuti mkamwini akubera apongozi ake tiyi. Ndachita kuwapatsa dengu langa lonse pamaso pa anthu. Ndabwerera kunyumba ngati munthu amene sanapite kuntchito.

Apongozi angouza mtengo wa tiyi kuti anthu ena masiku ano akuyenda ngati nkhuku yofuna kuikira.

Pemphero langa ndi limodzi: Ambuye, ngati n'kugwa, agwe tsiku limene ine ndapita kumaliro akutali.

Loweruka

Zachitika.

Dzuwa litakwera, tikupita ku sikelo, apongozi patsogolo, ine pambuyo. Pakati pa mtunda akukhala pansi, dengu likadali kumsana, kenaka akupendekera cham'mbali. Amayi ena a pagulu akukuwa. Onse akutembenukira kwa ine ndi kansalu kanga.

Ndangozindikira ndagwada pambali pawo. Khutu pakamwa, maso pachifuwa, monga anatiphunzitsira. Umu ndi mmene ndaonera nkhope ya apongozi anga koyamba: milomo yotuwa, thukuta lozizira, mphuno ya Felesiya yeniyeni. Maso ali tong'o, akundiyang'ana.

Akupuma! Movutikira, koma akupuma. Wopuma sakanikizidwa, wopuma sauziridwa. Ndatsala pang'ono kuimba nyimbo.

Ndawavula lamba wa dengu. Akagona chagada akubanika, ndiye ndawakhazika tsonga. Thirakitala ya masamba yatinyamula kupita ku kiliniki. Pangolo palibe chotsamira, ndipo amayi onse aja mwadzidzidzi ali ndi madengu oti akayeze. Ndakhala kumbuyo kwawo pamatumba, msana kwa msana, iwo kuyang'ana kumene tikupita, ine kumene tachokera. Njira yonse ndikumva nthiti zawo zikulimbana ndi mpweya kudzera m'malaya anga. Akatulutsa, ine ndikugwira wanga, kudikira kuti akokenso. Pabampu ina achedwa kukoka, ndipo manja anga anali atayamba kale kulumikizana okha. Chibadwire sindinaopepo chonchi.

Adokotala akuti mtima watopa, sukukankha magazi onse, ndiye madzi akuunjikana m'mapapo ndi m'mapazi. Mapilisi tsiku lililonse, mchere achepetse, mtunda asiye. Awagoneka. Adokotalawo ndawatsatira pakhonde kufunsa ngati mtima wotopa ungaime mwadzidzidzi. Ndimafuna anene kuti ayi. Sananene.

Lamulungu

Kutchalitchi sitinapite, tapita kukawaona ine ndi Felesiya. Akhala tsonga pabedi, mapilo kumsana, milomo yabwerera mwakale. Ine ndaima pakhomo monga mwa mwambo, ndikuyang'ana chidebe cha zinyalala.

Amutuma Felesiya kukatunga madzi, botolo lili lodzaza. Kenaka ayamba kulankhula ndi khoma. Akuti zonse akuzidziwa, za thumba la gaga, za amayi atatu, za akapitawo. Za thumbalo Felesiya anawauza Lachiwiri lomwelo, mbale zisanatsukidwe. Akuti kumunda sabwereranso, azikhala pakhomo, nyumba yawo ndi yathu kuyang'anizana, ndipo pamudzi ponse wodziwa zimenezi ndine ndekha.

Khoma alisiya, atembenukira kwa ine.

"Bambo, ine kufa sindikufuna, zidzukulu zanga zikadali zazing'ono. Tsiku limenelo musadzasake munthu wina. Mudzakanikize, nthiti ikafuna kuthyoka ithyoke. Ulemu mudzandipatsa ndikadzuka."

Ndauza chidebe cha zinyalala kuti ndamva, Amayi. Mawu atuluka aang'ono kwambiri, moti andiuza kuti ndibwereze. Ndabwereza ndikuwayang'ana.

Basi, wokanikiza ndine, ndipo ndikuopabe.