Ndinabuma Maliro ku Chesapeake

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri. Ana anga saidziwa, abusa saidziwa, ngakhale bambo akunyumba anangomva mutu wake wokha. Koma poti imvi zayamba, lekani ndidziyalutse ndekha wina asanandiyalutse.

Munali mu October, zaka za m'ma 90, nditatha chaka chimodzi ku America. Ndinkakhala ku Laurel, kwa a Nachisale, amene ndinkawatchula kuti achemwali, mayi wakumpingo kwathu amene anandipezera ntchito yosamalira nkhalamba ku Bowie. Nkhalambayo inali a Leonard, mzungu wazaka zoposa 80. Sitiroko inawapha mbali yakumanja n'kuwalanda pakamwa, moti tsiku lonse ankatulutsa mawu atatu, akakondwa anayi. Ine ndinkangowatchula kuti agogo.

Bwana weniweni anali mwana wawo, Susan, wa ku Rockville, mkazi woyankhula diso lili pawotchi. Anandipatsa mwezi umodzi woyeserera, ndipo mweziwo uli pafupi kutha anandiitanira kukhitchini.

"Esnart, ntchito mumagwira, sindikukana. Koma bambo anga simuwayang'ana m'maso, simucheza nawo. Mumaoneka ngati mulibe nawo chifundo. Friday ndiwauza a agency amene anakutumizani kuno ngati mupitirize kapena ayi."

Kuyang'ana munthu wamkulu m'maso? Kwathu umenewo ndi mwano! Koma ndinangoti "Yes, madam." Ntchito ija ikanatha ndinalibe polowera, ndipo achemwali amene anandiikira kumbuyo ndikanawachititsa manyazi.

"Iwe, ulemu wachete azungu saumva," anatero achemwali nditawafotokozera. "Onetsa mtima. Auone ndi maso awo."

Mawu amenewo ndinawasunga, mwinanso mopyola muyezo.

Lachinayi m'mawa foni inalira. Anali Susan, ali wefuwefu, mawu akunjenjemera.

"Avekeni zofunda bambo, muwakweze m'galimoto pompano. Tengani pepala mulembe njira." Ananditchulira Route 50, mlatho waukulu, kenako timisewu tokhotakhota mpaka pothera msewu wafumbi, m'mphepete mwa madzi. "Anzawo onse asonkhana kale komweko. Ine ndikupezani ndikatuluka mu meeting. Fulumirani, chonde. Ndipo mukafika, mwakachetechete."

Basi, wadula.

Tsono inu akwathu mukudziwa. Uthenga wa maliro saunena poyera. Amangoti bwerani msanga, abale onse asonkhana, iwe n'kudziwiratu kuti kwagwa zovuta. Sufunsanso kuti watisiya ndani, ukamva komweko. Ine ndinamva bwinobwino. Ndinawaveka agogo jekete yakuda, ndekha n'kuponya m'chikwama chitenje ndi duku. Nditangowauza kumene tikupita maso awo anadzadza misozi, ndiye kukayika konse kunandithera.

Mlatho uja, abale, sindidzauiwala. Laisensi yanga inali ya miyezi iwiri, mlatho wosatha, pansi madzi okhaokha. Ndinagwira chiwongolero mpaka zala kuchita dzanzi, ndikupemphera mokweza. Agogo ali pambali panga akumenya dashboard ndi dzanja lamanzere.

"Faster!"

"Mtima, agogo, limbani mtima. Zonse ndi Ambuye."

Titawoloka anayamba kuloza kumwamba. Atsekwe mazanamazana ankauluka m'mizere kulowera kummwera, kuthawa chisanu. Agogo khosi lili gadaa, akuwatsatira ndi chala. Ndinati chisoni chawazunguza mutu.

Pothera msewu wafumbi tinapeza magalimoto ali ndandanda mbali zonse ziwiri, ena a manambala a Virginia, ena Pennsylvania, ena kaya kuti. Mumtima ndinati womwalirayu sanali munthu wamba.

Malowo ndi pamene mtsinje umakathira m'nyanja yamchere ya Chesapeake. Matope, bango louma, kamphepo kozizira kolowa mpaka m'mafupa. M'mphepete mwa madzi munaima anthu ngati makumi anayi, onse zovala zosawala, onse kuyang'ana malo amodzi. Popanda woyankhula, popanda wotsokomola. Aliyense mabainokyula kumaso, ena atazika zoonera patali zamiyendo itatu, ndipo pakati pawo panali bambo wayunifomu yobiriwira ndi chipewa chaboma.

Mtima unangoti myuu. Wamira munthu, ndipo thupi silinapezeke!

Ndinatsitsa agogo n'kuyamba kukankha wheelchair. Anthu ankapatuka kutipatsa njira. Wina kuwagwira paphewa, wina kuwapsinja dzanja, onse osatsegula pakamwa. Gogo wina wamkazi, watsitsi loyera mbuu, anawerama n'kuwakumbatira, n'kuwanong'oneza kukhutu akuloza kubango kutsidya la kamtsinje. Anatiika patsogolo penipeni.

Apa ndinazindikira kuti namfedwa wamkulu ndi agogo anga omwewa, ndipo ine ndi amene ndabwera nawo. Anthu onsewa aona khalidwe langa, Susan akamva zonse. Ndinamanga chitenje pamwamba pa yunifomu, duku kumutu, n'kukhala pansi paudzu wonyowa, miyendo tambalale, mutu pansi.

Bambo wina wandevu anandiyang'ana modabwa. Ndinamunong'oneza kuti, "Sorry. Very, very sorry."

"Musadandaule, simunachedwe," anayankha chapansipansi. "Tikudikira kuti madzi aphwe. Ine ndachokera ku Ohio, maola eyiti pamsewu."

Mbale wakutali, ndinatero mumtima, wosauka.

Linatha ola. Kuzizira kunalowa pachitenje n'kukhazikika. Ndipo chimene chinkandivuta si kuzizirako ayi, koma mwambo wake. Maliro anji opanda pemphero? Opanda nyimbo ngakhale imodzi? Amuna ndi akazi kuima mophatikizana ngati pa depoti! Nditaba diso ndinaona mkulu wina akumatula sandwich, n'kuluma, thupi la mnzake likadali m'madzi. Anthu ake ndi amenewa onena kuti ine ndilibe chifundo?

Kufunsa ndinkafuna, koma ndifunse ndani, nditi chiyani? Pamaliro sufunsa ngati uli pamsika. Komanso ndinkaopa kuti akamuuza Susan kuti wantchito wanu samva Chingelezi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine tsiku limenelo ndinadya ndi njuchi zomwe.

Madzi anayamba kuphwa, matope n'kuonekera. Mwadzidzidzi bango lija linagwedezeka. Gulu lonse linaweramira kutsogolo nthawi imodzi. Gogo wamkazi uja anagwira pachifuwa, misozi ili chuchuchu, akunong'ona kuti, "Oh my God, oh my God." Agogo anga anayesa kudzuka pa wheelchair, koma anali pansi kwambiri, udzu wautali unawatchinga. Anakakamira, nkhope kufiira, kenako anatulutsa kubuula kumene sindinakumvepo chiyambire ntchito.

Ndinati basi, thupi lapezeka.

Mutu unayamba kuthamanga. Friday ndi mawa. Susan akafika amva kuti bambo ake ankabuula, ine ndili duu ngati chitsa. Mawu a achemwali anandilira m'makutu. Ndipo kwathu tikudziwa kuti pamaliro pamafunika mmodzi woyambitsa, ena onse amatsatira. Ku Ntcheu, kwa amayi a Mvano, woyambitsayo ndinali ine, ndipo maikolofoni sindinkaifuna.

Ndinakoka mpweya mpaka kuzala za kumapazi, manja kumutu.

"Mayo ineee! Mayo! Agogowa mwawasiyira ndani, mayooo!"

Osapuma, ndinalumikiza nyimbo yakumanda, vesi yoyamba, ndi mawu onse amene Mulungu anandipatsa. Pamadzi mawu amayenda, abale. Ndinadzimva ndekha ndikubwerera kuchokera kutsidya.

Dambo lonse linadzuka. Abakha, atsekwe, timbalame tam'matope tosawerengeka, zonse phuu nthawi imodzi, phokoso ngati mvula yamatalala padenga lamalata. Ndipo m'bango muja munatuluka mbalame imodzi yoyera. Inadza molunjika kwa ife, n'kudutsa chapansipansi pamutu pa agogo, n'kukhotera kunyanja yaikulu. Inachepa, n'kuchepa, mpaka zii.

Ndinali nditalowa vesi yachiwiri pamene ndinaona kuti palibe akundipolokezera. Nkhope makumi anayi zinali zitatembenukira kwa ine. Bambo wa ku Ohio anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi.

"Lady! What is wrong with you?"

"Thupi," ndinatero ndikusisima. "Alivuula?"

"Thupi la ndani?"

"La womirayo."

Wayunifomu uja anabwera n'kunjuta pafupi nane. Anayankhula pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi wodwala malungo aakulu. Palibe wamira, mayi. Palibe wamwalira. Anthuwa ndi okonda kuonerera mbalame, nyengo ino zikamasamuka amasonkhana kuno. Yoyera ija si yakuno, ndi yakutsidya kwa nyanja, mphepo inaisocheretsa. Munthu amatha kukalamba osaionako. Anthu akhala akuidikira kuyambira mbandakucha kuti ituluke m'bango, ndipo inali itangoyamba kusuzumira.

Anatsegula buku n'kundionetsa chithunzi. Ndinayang'anitsitsa. Ndikanakhala munthu wanzeru ndikanatseka pakamwa, koma pakamwa panga panali patatenthedwa kale.

"Aka? Si kakowa aka? Kwathu ali mbwee m'madambo, sitiwayang'ana n'komwe!"

Bambo wa ku Ohio anatola chipewa chake, n'kuchimenyetsanso pansi kachiwiri.

Nditacheukira kwa agogo, mtima unaima. Thupi lonse linkagwedezeka, kukamwa kuli yasa, mawu osatuluka, misozi mpaka m'khosi. Sitiroko yachiwiri! Ndawapha ndi nyimbo! Ndinalumpha n'kuwagwira pamkono kufuna kugunda kwa mtima.

"Call 911! Somebody, please!"

"Asiyeni," anatero gogo wamkazi uja, atatopa nane. "Akuseka."

Anandifotokozera mosafuna. Ena onse diso linali lili phaa m'zoonera zawo, akuyang'ana kubango, moti pomwe ankadzutsa mitu anangoona mchira. Amene anaiona bwinobwino mbalameyo, kuyambira mlomo mpaka mapazi, anali munthu mmodzi yekha, wokhala pa wheelchair.

Mtima usanakhale m'malo, ndinamva chitseko cha galimoto. Susan akubwera chothamanga, nsapato za gogoda zikutitimira m'matope, mabainokyula akulendewera m'khosi.

"Ili kuti? Ndachedwa? Ikadalipo?"

Zala zokha zinadzuka, zonse kuloza ine. Ndinaima pamenepo ndi duku lopendekera, maso otupa, kumbuyo kwa chitenje kuli chigamba chamatope chachikulu ngati mbale. Bambo wa ku Ohio anadzipereka kufotokoza, ndipo sanasiye kanthu, mpaka anayeserera ndi kabumidwe komwe.

Susan nayenso mbalameyo anali asanaionepo.

"Esnart," anatero motsitsa mawu, "sitidikiranso Friday. Tikafika kunyumba mulongedze..."

Gu! Gu! Gu! Agogo ankamenya chogwirira cha wheelchair. Analoza kathumba kakumbuyo kwa mpandowo. Susan anapisamo dzanja n'kutulutsa kabuku kakale, kothimbirira, komangidwa ndi labala, pensulo ili mkati.

"Mmenemo amalembamo mbalame iliyonse imene waiona, chiyambire unyamata," anandinong'oneza gogo wamkazi uja. "Chidwalire sanalembemo."

Agogo anaika kabuku pabondo n'kuyamba kulemba ndi dzanja lamanzere. Chilembo chimodzi, kupuma. China, kupuma. Anthu amene anayamba kupinda zoonera zawo anaima kudikira. Ine ndinkaganiza kuti akulemba kalata yondichotsa.

Atamaliza anapatsa Susan kuti awerenge. Mzere woyamba unali dzina la mbalame ija, imodzi, yaoneka ikuuluka, pafupi kwambiri. Pamzere wachiwiri Susan anaima. Analuma mlomo, mapewa n'kuyamba kugwedera. Agogo anamenyanso mpando kuti awerenge mokweza, ndiye anawerenga pamaso pa anthu onse aja.

"Esnart. Yochokera ku Malawi. Imodzi, yaikazi. Kulira kwake kumamveka mamailosi awiri. Yosowa kwambiri. Isathamangitsidwe."

Ntchito inapulumuka chotero, anzanga. Ena kuno anabwera n'kulembedwa m'kaundula wa manesi, ena wa maprofesa. Ine, mayi wa Mvano, ndinalembedwa m'buku la mbalame, mmunsi mwa kakowa.

Phunziro ndi limodzi lokha: kwa eni, usanabume maliro, yamba waona mtembo.