Ndinkadziwa Anthu ndi Mapazi

Masiku ano pa wailesi ndimamva anthu akulangiza achinyamata kuti azidzidalira, aziyenda atadzutsa mutu, aziyang'ana munthu m'maso. Zikayamba zimenezi mkazi wanga amakweza wailesi dala n'kumandiyang'ana cham'mbali. Ine ndimatuluka kukaona mbuzi. Mankhwala a manyazi amenewa ndinamwapo kamodzi, ndipo anandipweteka kuposa matendawo.

Ndinakulira m'chigwa cha Domasi, ndipo pamene dziko linkalandira ufulu n'kuti ndevu zitangoyamba kundimera. Manyazi anga sanali amasewera. Munthu akandilankhula, maso anga ankagwa pansi okha, moti anthu onse a m'mudzi mwathu ndinkawadziwa ndi mapazi. Amalume anali zidendene zong'ambika. Mkulu wa mpingo anali nsapato zakuda, yakumanzere yolira. Akuluakulu ankanditama kuti ndine mwana waulemu, ine n'kumavomera, koma zoona zake anali mantha basi.

Ndiye kunali Elube, mtsikana wa kutsidya kwa mtsinje, chakufupi ndi kumishoni. (Musandifunse chimene ndinayamba kumukondera. Anali ndi mapazi abwino kwambiri.) Amalume atapita kukatchula nkhani kwa amalume ake, mayi a Elube anavomera msanga. Ankandikonda chifukwa ndikakumana nawo panjira ndinkapatukira muudzu n'kunjuta mpaka atadutsa, monga amachitira munthu wofuna kukhala mkamwini. Iwowo ndinkawadziwa bwino lomwe: chala chachikulu chakumanzere chinalibe chikhadabo, khasu linachidula kalekale, ndipo pakakolo ankavala mkanda wobiriwira.

Amene anakana ndi mwini wake. Tsiku lina anandipeza powolokera mtsinje, n'kuimika mapazi ake aja patsogolo panga.

"Ine sindingakwatiwe ndi munthu amene maso ake sindinawaonepo," anatero. "Ndingadziwe bwanji, mwina muli nalo limodzi."

Anawonjezera kuti kuli telala wina pa Songani amene amamuyang'ana mpaka iye kuchita kuthawa, ndipo ankhoswe akadzakumana tikakolola, iye adzanena yekha amene akumufuna. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa. Mtsikanayo ndinkamufuna ndi moyo wanga wonse, ndipo chimanga chinali chitauma kale m'minda.

Ndinayamba kufunafuna malangizo, ndipo apa m'pamene mutu unayambira kuzungulira. Amalume anati ndisasinthe kanthu, akazi amakonda mwamuna wofatsa. Aphunzitsi anga akale anati ndizipita kumunda kukalankhula ndi chimanga mokweza mpaka lilime litamasuka. Ndinapitadi, koma nako kumundako ndinapezeka ndikulankhula ndi mizere. Kenako kunabwera msuweni wanga Faisoni, amene anali atangofika kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi sutikesi, chipewa ndi dzino lachitsulo. Iyeyu anaseka malangizo onsewo n'kunena kuti andichiritsa yekha.

Malamulo ake anali akuti ndiziyamba ine kupereka moni, ndizigwira chanza mwamphamvu, ndiziyang'ana munthu m'maso mpaka iyeyo ayambe kuphethira, ndipo chimene ndikufuna pa moyo ndizichinena mokweza kwa aliyense, chifukwa chinthu ukachinena kambiri umayamba kuchikhulupirira. Tinayeserera pa mbuzi ya amalume. Mbuzi inapambana. Faisoni ataona kuti khosi langa likugwabe, anatsegula sutikesi n'kutulutsa malaya a kolala youma gwa, anaika kachikatoni mkati mwake, n'kundimanga tayi mpaka chibwano chinaloza kuphiri. Anandibwerekanso jekete ndi nsapato zimene zinkandithina. Kuyang'ana pansi kunali kosatheka, ngakhale kumeza malovu kunkafuna kukonzekera.

"Tsopano upite wekha mpaka pa Songani, lero ndi tsiku la msika," anatero. "Aliyense wokumana naye, moni. Ukabwerako ndiwe mwamuna, aise."

Abale anga, sindinkadziwa kuti anthu ali ndi nkhope zochuluka chonchi. Ndinatuluka m'mudzi momwe ndinabadwira ngati mlendo wotsika basi pamalo olakwika. Woyamba kukumana naye anali bambo wina wamakutu aakulu. Ndinawagwira chanza, ndinawayang'ana m'maso, n'kuwafunsa kuti kwawo n'kuti ndipo kuno abwera liti. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kundifunsa ngati ndayamba kusuta chamba, popeza iwo anali amuna awo a azakhali anga, ndipo dzulo lake tinadyera mbale imodzi. Pofuna kukonza, wotsatira ndinamukumbatira ngati m'bale, n'kumufunsa za ana kunyumba. Ameneyo anali mlendo weniweni wochokera ku Naisi, ndipo anagwira thumba lake mwamphamvu mpaka nditapitirira.

Koma nditafika pamsewu waukulu zinthu zinayamba kukoma. Wogulitsa matemba wina anatsika panjinga n'kundiyankha kuti "zikomo bwana". Ine, bwana! Amayi ena awiri anaphethira ine ndisanaphethire. Ndinayamba kumva mawu anga akutuluka, aakulu, onga a munthu wina, ndipo ndinawakonda moti za anthu ena sindinkazimvanso. Mnyamata wina woweta ng'ombe ndinamuuza kuti ndikukwatira Elube, iye anati chabwino. Ndinaona kuti Faisoni ndi dokotala.

Chakufupi ndi msika, pansi pa mtengo wa mango, panakhala mayi wina akupuma, dengu la tomato lili pambali. Atangondiona anatembenuza nkhope n'kudziphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti mayi wamkulu angabisirenji nkhope kwa mnyamata. Ine ndinamva chisoni. Ndinati mumtima, taonani mnzanga wodwala matenda anga omwe aja, ndipo wakalamba nawo chifukwa chosowa msuweni.

Ndinapereka moni. Anayankhira m'chitenje. Ndinazungulira kuti ndiwaone kumaso, iwo anatembenukira kwina. Ndinazunguliranso. Anaimirira n'kupatukira muudzu, ine n'kuwatsatira muudzu momwemo (inde, ndinawatsatira), mpaka ndinawagwira dzanja n'kuligwedeza monga anandiphunzitsira. Kenako ndinawayang'ana m'maso. Anali ndi maso akuthwa, ndipo sanaphethire ngakhale pang'ono.

"Mayi, manyazi ndi matenda," ndinawauza. "Inenso ndinali choncho mpaka m'mawa uno. Dzutsani mutu, munthu saopa munthu mnzake."

"Choncho?" anatero.

Liwu limodzi lomwelo likanandikwanira ndikanakhala kuti ndikumvetsera. Koma ndinali nditakumbukira lamulo lomaliza, lonena mokweza chimene ukufuna. Ndinawauza kuti ndikukwatira Elube wa kutsidya, ndipo telala wa pa Songani akasoke zigamba. Ndinawauza kuti mtsikanayo ndi wabwino, vuto ndi mayi ake. Ndinafotokoza zimene mudzi wonse unkanong'ona, zoti mkamwini wawo woyamba, mwamuna wa mkulu wake wa Elube, anamulimitsa munda wamiyala wa m'mphepete mwa phiri mpaka anathawa osatsanzika, khasu n'kulisiya lili chiimire pamzere.

"Koma ine mayi amenewo sindiwaopa," ndinamaliza. "Ngakhale atabwera pano."

"Choncho," anateronso. Ulendo uno silinali funso.

Pofuna kusonyeza kuti munthu wodzidalira amakhalanso wothandiza, ndinati ndiwasenzetse dengu lawo. Ndinawerama mwamphamvu. Batani la kolala linaduka, kachikatoni kanauluka, ndipo khosi langa linabwerera kwawo. Patsogolo panga panali chala chopanda chikhadabo ndi mkanda wobiriwira.

Zimene zinachitika m'mutu mwanga sindingazilongosole bwino mpaka lero. Malangizo onse anabwera nthawi imodzi. Amalume ankati njuta, Faisoni ankati yang'ana m'maso, aphunzitsi ankati lankhula mokweza, miyendo inkati thawa. Ndinayesa kuchita zonse. Ndinanjuta muudzu dengu lili m'manja, ndinadzutsa mutu, ndinaugwetsanso, ndinatsegula pakamwa n'kutulutsa moni wachiwiri, wa m'mawa, dzuwa lili pamutu. Tomato anayamba kugubuduzika kulowera kumsewu. Mayiwo sanandilankhulenso ine, popeza mwambo sulola mpongozi kulankhula ndi mkamwini. Anatembenukira kumtengo.

"Mtengo iwe," anatero mofatsa, "tawauza bambo osaopawa andipatse dengu langa."

Ndinaliika pansi n'kuliyatsa liwiro. Nsapato imodzi ya Faisoni inatsala pomwepo.

Kunyumba amalume anagwira kumutu, kenako anandifunsa ngati panalibe munthu wina aliyense m'boma lonse la Zomba woti ndikamuchiritse manyazi. Faisoni anati iye sakuona cholakwika, malamulo onse ndinatsata bwino, kungoti ndinawagwiritsa pa munthu wolakwika, ndipo nsapato yake akuifuna. Uthenga wochokera kutsidya sunachedwe. Mayi a Elube anati mnyamata waulemu amene anamuvomera uja sakumudziwa kumene wapita, ndipo wa tayi uyu sakumufuna pakhomo pawo. Ndinalowa m'nyumba n'kulira, osati pang'ono. Nditagwetsa mutu ndinali ndi mayi popanda mwana, nditaudzutsa ndinataya onse awiri, ndiye mutuwo ndikanauika pati?

Amalume ananyamula tambala kukapepesa. Anabwerako ndi nsapato ija, koma yankho analibe.

Patapita masiku ndinapita kumtsinje, ndipo powolokera pomwe paja mapazi aja anaimanso patsogolo panga. Elube anati mayi ake akhala akufotokoza nkhaniyo kwa aliyense wobwera pakhomo. Amayamba ndi ukali, koma akafika poti ndinawatsatira muudzu amalephera kumaliza, amachita kugwira nthiti.

"Akuti maso muli nawo awiri," anatero. "Koma ine za kumva sindizifuna. Amayi anaona, ine ayi."

Panalibe kolala, panalibe katoni, panalibe Faisoni. Khosi linkalemera ngati ndasenza thumba la chimanga. Ndinalidzutsa pang'onopang'ono, kudutsa mawondo, kudutsa chitenje, mpaka ndinafika. Anali akuseka, ndipo anali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, kamene anyamata onse a m'chigwa ankakadziwa kupatula ine. Amene anayamba kuphethira ndine, koma iye anati zakwana.

Ankhoswe atakumana, Elube ananena yekha kuti akufuna ine. Mayi ake anatumiza mawu kudzera kwa alongo awo kuti sakuletsa, ndipo popeza mkamwini watsopanoyu saopa, munda wamiyala uja ukumudikira, khasu lilipo kale. Ndinaulima munda umenewo zaka zambiri, ndipo zikhatho zangazi ndi mboni.

Nkhope ya apongozi anga sindinaionenso mpaka anamwalira. Tsiku la pansi pa mango lija linali loyamba ndi lomaliza. Koma nthawi zonse akamadutsa pakhomo pathu ankaima n'kufunsa nkhuku, kapena mtondo, kapena chilichonse chimene chili pafupi, kuti, "Osaopa aja alipo?" Ine n'kuti ndili kuseri kwa nkhokwe, nditanjuta.

Ndiye a pa wailesi akamati dzutsani mutu, sinditsutsa, popeza mkazi ndinamupeza nditadzutsa mutu. Kungoti ine mpaka lero ndikakumana ndi munthu ndimayamba ndaona kaye mapazi.