Kaisara wa a Anselmo

Ku Bembeke kuno, ukapereka moni kwa a Anselmo unkayenera kuperekanso kwa Kaisara. Kaisarayo anali kakhobidi kakuda, kolumika m'mbali, komwe ankavala m'khosi pamodzi ndi korona. Anawapatsa ndi wansembe wa ku Italy yemwe anamuphikira zaka zambiri kumishoni. Anzawo popuma ntchito ankalandira njinga. Iwo analandira mfumu ya Aroma yakufa kalekale, koma ankayenda nayo ngati agula basi.

Sukulu anailekera poyambirira penipeni, koma za khobidilo ankaphunzitsa aphunzitsi omwe.

"Onani tsayali, see, ngati la khanda. Bambo mfumu a kumishoni aja ankati posula apa n'kuti mkuluyu mano atatha m'kamwa. Tsopano tembenuzani."

Kuseriko kunali mayi wonyamula ngala za tirigu.

"Uyu ndiye lonjezo, akuti mudzakhuta. Nkhokwe zikapepuka, mfumu inkangosula mayi ameneyu wambirimbiri, anthu azitafuna chithunzi."

Kuchokera apo chilichonse cha nkhope ankachitembenuza: kalendala, paketi ya sopo, ngakhale chithunzi chomwe mkamwini wawo anatumiza kuchokera ku Joni.

Chaka cha chisankho kunabwera a Macdonald, ofuna ukhansala, ndi lole ya feteleza. Thumba ankapatsa wovala malaya a nkhope yawo n'kujambulitsa. Pamalayapo a Macdonald anali ndi tsitsi, chikhalirecho tonse dazi lawo timalidziwa. Munda wa kachewere wa a Anselmo unali utaguga, ndipo akazi awo a Falesi anawakokera pamzere ngati mbuzi yopita kumsika.

"Madala, valani apa tijambule, thumba ndi lanu," anatero a Macdonald.

A Anselmo anatembenuza malayawo.

"Kuseri kulibe kanthu? Mnzanu uyu ankanama mbali zonse ziwiri. Inu ulesi mpaka pabodza pomwe?"

Mzere wonse unagwa ndi phwete.

"Mnzanga wake uti?"

A Anselmo anasolola khobidi lija. "Uyu. Analamula nyanja ndi mayiko, lero akununkhiza thukuta langa. Inu, kamlatho kamodzi kokha komwe munalonjeza kanakukanikani, mukufuna mukwere pachifuwa pomwepa?"

"Abambo a Pilira, valani!" ananong'ona a Falesi, akuwatsina m'nthiti. "Kaisara wanuyo tithira m'munda?"

"Mayi, khosi ndi limodzi. Malo adzaza."

Anabwerera chimanjamanja. Masabata awiri a Falesi sankalankhula nawo, ankalankhula ndi khobidi: "Kaisara, uwauze akapolo akowo kuti madzi osamba atha." Koma m'mawa uliwonse awiriwo ankakwera mtunda ndi ndowa za manyowa a mbuzi, a Anselmo akutsokomola kutsogolo, a Falesi akuwatukwana kumbuyo. Kachewere anatuluka ngati mazira a njiwa. Oyandikana nawo ankakumba zibakera.

Atangotha kukolola, chisanu cha mu Juni chinawatenga a Anselmo. Pamaliro tinadya timazira tomweto. Mlendo wina wa ku Linthipe ananyamula kamodzi m'mwamba n'kufunsa ngati ndi nzama. A Falesi, maso ali psuu, anamva.

"Idyani, achimwene. N'tating'ono, koma palibe anajambulitsa kuti timere."

Munthuyo anapempha mbale yachiwiri.

Malole akubwerabe. Timafola mwaulemu, timavala, timamwetulira wojambula. Mzere umayenda msanga masiku ano, ndipo pobwerera, thumba lili panjinga, palibe amayang'ana mnzake kumaso.